Khutu Lomwe Linagwetsa a Nyansi

Dzina lakuti a Nyansi sanabadwe nalo, ndipo anthu atangoyamba kuwatchula choncho iwo ankakwiya. Linachokera pakamwa pawo pomwe. Akafika pamalo omanga nyumba n'kupeza wina wataya makoko a nthochi pomwe iwo akufuna kugwirapo ntchito, ankati, "Nyansi!" Akaona mmisiri mnzawo akumina ndi zala kenako n'kupukutira pa buluku, "Nyansi!" Wina akamwa madzi pa botolo n'kuwapatsira, ankaliyang'ana pakamwa botololo n'kulibweza osanena kanthu, koma aliyense ankadziwa mawu omwe atsalira pakhosi. Mapeto ake mawuwo anawakakamira, moti kapitawo watsopano ankafika n'kufunsa kuti, "Kodi a Nyansi ndi ati pano?" Ndipo munthu waukhondo kuposa onse pamalopo ankakweza dzanja.

Ntchito yawo inali yoyala matailosi, ndipo ankaidziwa bwino. Ankagwada kuyambira m'mawa mpaka madzulo pa kasiponji komwe mkazi wawo, yemwe anali telala, anakasokera nsalu yokhuthala. Ankapaka simenti, kukhazika tailosi, kuigogoda ndi hamala ya labala, kuika levulo pamwamba poona ngati yakhala mofanana, kenako kupukuta ndi kansanza mpaka nkhope yawo ionekere. Anthu ankawafuna makamaka m'mabafa ndi m'makhitchini, chifukwa chipinda chomwe a Nyansi amaliza sichinkafuna wosesa. M'chikwama chawo munkakhala kapu yawoyawo, supuni yawoyawo, ndi sopo m'kachitini. Ovolosi yawo inkachapidwa tsiku ndi tsiku, mpaka mtundu wake wa buluu unathawa.

Mowa sanaulawepo. Bambo awo anali mlonda wa sitolo, munthu wofatsa akakhala kuti sanamwe, koma sankakhala nthawi yaitali asanamwe. M'mawa wambiri ankapezeka atagona pakhomo, mutu uli pa sitepe, masanzi ali pachifuwa, ntchentche zitafika kale. A Nyansi, poti ndiwo anali oyamba kubadwa, ankapatsidwa fosholo ndi mchenga kuti akwirire zonsezo anansi asanadzuke. Fungo lowawasa limenelo anakula nalo m'mphuno. Atakhala bambo wa pakhomo pawo, akaona chidakwa chikudzandira mumsewu ankawolokera tsidya lina, n'kugwira mpweya mpaka atachipitirira.

Koma munthu ameneyu anali ndi nyansi zakezake zomwe ankayenda nazo. Khutu lawo lakumanzere linkatuluka mafinya kuyambira ali mwana. Linkatha kuuma miyezi yambiri, kenako chimfine chikawagwira, kapena madzi akalowamo posamba, linkayambiranso. Ankalitseka ndi thonje n'kuvala chipewa choluka chofika m'makutu, ngakhale kunja kutenthe bwanji. Anzawo ankayesa kuti chipewacho n'choteteza fumbi. Mkazi wawo yekha ndiye ankadziwa, chifukwa ndiye ankachapa nsalu za mapilo.

"Bambo, khutu ili likufunika chipatala," ankatero mayiwo akuviika nsaluzo m'madzi otentha.

"Kuchipatala? Pa mabenchi aja? Ndikakhale pomwe wina wangochokapo ndi zilonda, uku wina akunditsokomolera m'khosi? Lidzauma lokha, silinayambe lero."

Chaka chomwe tsitsi lawo linayamba imvi, khutulo linakana kuuma. Mafinya anasintha, anakhala obiriwira, nthawi zina osakanikirana ndi magazi, ndipo thonje linkanyowa asanafike n'kuntchito komwe. Fungo lake linayamba kudutsa chipewa.

Amene analimva koyamba anali mlamu wawo, mchimwene wa mkazi wawo, makaniko wa pa galaja ina. Munthu ameneyu a Nyansi ankangomupirira chifukwa cha ukwati. Zikhadabo zake zinali zakuda ngati anabadwa nazo, ankanyema buledi ndi manja a oyilo, ndipo akamaseka ankamenya mnzake pamsana n'kusiyapo zala zisanu. M'kabati munali kapu yothyoka chogwirira yomwe inkatuluka iye akabwera basi. Tsiku lina masana analowa pabalaza, n'kukhala pafupi ndi a Nyansi, kenako anayamba kununkhiza uku ndi uku.

"Alamu, khoswe wafera m'nyumba muno?"

Mlamuyo anasuzumira kunsi kwa mpando.

"Ndikunena zoona, achemwali. Pali chinthu chawola."

"Ndi khutu la alamu anu," anatero mayiwo, maso ali pa makina osokera.

A Nyansi anamva ngati awavula pamsika. Anadzuka n'kukatsekera kuchipinda, koma khoma linali lopyapyala, ndipo anamva mlamu wawo akuseka kaye, kenako akulonjeza kuti pali munthu wina pa depoti ya mabasi amene amagulitsa mankhwala a makutu oti kudontheza kamodzi kokha, basi nkhani yatha. Mawa lake mlamuyo anabwera ndi kabotolo kopanda dzina lililonse, kokulungidwa m'pepala lothimbirira ndi girisi. M'katimo munali madzi achikasu.

A Nyansi anakana, anakananso, koma madzulo ena atavula chipewa n'kumva okha fungo lomwe linatulukamo, anachita nseru ndi mutu wawo womwe. Anasankha kabotolo kusiyana ndi benchi ya kuchipatala. Anakatsuka kunja kwake ndi sopo, ngati kuti vuto linali kunjako, n'kugona chammbali pa mpando wautali. Mkazi wawo anadontheza m'khutumo. Munatentha ngati alowetsamo waya wamoto, ndipo kuwawa kwake anakumva mpaka kukhosi.

"Ndiye kuti akugwira ntchito," anatero mlamu uja atamuimbira foni. "Pitirizani, musasiye."

Anapitiriza masiku angapo. M'mawa wina atatsegula maso, denga linali likuyenda. Linkathamangira kumanja, kubwerera, kuthamangiranso kumanja. Atayesa kudzutsa mutu, bedi linapendekeka ngati likufuna kuwakhuthula, ndipo m'mimba monse munabwera kukamwa. Sanathe ngakhale kutembenukira kumbali. Anasanzira bulangete, pilo, ndi nsapato za mkazi wawo zomwe zinali pansi. Fungo lija la pa sitepe ya bambo awo linadzaza chipinda, ndipo ulendo uno linali lawo.

"Chotsani, mayi, chotsani!" ankatero atatseka maso, atagwiritsa m'mphepete mwa matiresi ndi manja onse.

Kuchimbudzi ankapita chokwawa. Mkazi wawo anaika ndowa pafupi ndi bedi, ndipo a Nyansi, omwe m'moyo wawo wonse sanalolepo ndowa yotero m'chipinda chogona, ankaikumbatira ngati mwana. Mlamu wawo atabwera kudzawazonda anaima pakhomo n'kunena kuti zoipa zikutuluka, asadandaule. A Nyansi analibe mphamvu zomutukwanira.

Chizungulirecho chinachepa pang'onopang'ono. Denga linaima, masanzi analeka, ndipo anayamba kuyenda chogwira khoma. Kabotolo kaja anakataya m'dzala. Atamva kuti miyendo yalimbako anavala ovolosi ndi chipewa n'kubwerera kuntchito, komwe kapitawo wawo anali atayamba kudandaula kuti bafa la nyumba ina yaikulu likudikira iwo.

Apa m'pamene chinthu china chachilendo chinayamba. Akagwada zonse zinkakhala bwino, manja ankagwira ntchito yawo monga kale. Koma akati aimirire kukatenga tailosi ina, m'maso munkachita mdima kuyambira m'mbali, m'makutu munkalira, kumbuyo kwa khosi kunkalemera, ndipo thukuta lozizira linkatuluka pachipumi. Ankagwira khoma n'kudikira mpaka kuwala kubwerere. Sanauze munthu.

Bafa limenelo linali la matailosi oyera mbee, pansi ndi m'makoma momwe. Anali atayala pansi ponse, kutangotsala kutseka timipata ta pakati pa matailosi ndi simenti yoyera. Anagwada m'mawa wonse pakona, akuchotsa tizinyalala m'timipatamo. Kenako anamva kapitawo akuitana pakhomo.

"A Nyansi, eni nyumba abwera, akufuna aone ntchito yanu."

Mwaulemu wawo anadzuka msangamsanga, monga ankachitira nthawi zonse. Anaona mayi wovala diresi yofiira ataima pakhomo, anamva fungo la mafuta ake onunkhira, kenako sanaonenso kanthu.

Atatsitsimuka, tsaya lawo linali pa tailosi yozizira. Pogwa anamenyetsa chipumi pa mtondo wa chimbudzi, ndipo magazi anali akudontha. Anali atasanzanso, ndipo masanziwo anali akuyenda m'timipata tija tomwe anakhala m'mawa wonse akutiyeretsa, kukhota bwinobwino m'makona ngati akutsatira mzere. Ovolosi yawo inali yonyowa kutsogolo mpaka m'mawondo.

Mayi uja anali atatseka mphuno ndi mpango.

"Akapitawo, mukundibweretsera zidakwa m'nyumba mwanga? M'mawa uno?"

"Ayi mayi, awawa samwa."

"Samwa? Nanga izi n'chiyani? Ine ndizidzasamba m'menemu?"

Kapitawo anawerama, n'kuika mphuno yake pafupi ndi pakamwa pa a Nyansi, anthu onse akuona. Ananunkhiza ngati akuyesa nyama ya dzulo. Chipewa chinali chitasuntha, thonje litagwa, ndipo kapitawoyo anabwerera m'mbuyo atakwinya nkhope.

"Mowa sindikuumva. Koma fungo ili ndiye sindikulidziwa."

Amisiri ena anali atadzaza pakhomo, ena akusuzumira pamwamba pa mapewa a anzawo. Panalibe anaseka mokweza, koma a Nyansi anaona wina akugwira pakamwa. Anakana kuti munthu awathandize kupukuta. Anatenga msomali ndi kansanza, n'kukolopa okha masanzi awo m'kampata kalikonse, uku magazi akudonthera pomwe apukuta kale. Atamaliza, kapitawo anawauza kuti akapume kaye, adzawaimbira.

Ulendo uno mkazi wawo sanafunse maganizo awo. Anawagwira dzanja mpaka pa kachipatala kakang'ono ka kuseri kwa msika. A Nyansi anayala kansalu pa benchi asanakhale, n'kupinda manja kuti asakhudze kanthu. Kumanja kwawo kunali bambo wotsokomola yemwe ankalavulira makhololo m'kachitini. Kumanzere kunali mwana yemwe anawayang'ana nthawi yaitali kenako n'kupukutira mamina pa buluku lawo, amake akungoona. Pamene ankalowa m'chipinda cha wachipatala, mtima unali ukugunda m'khosi ndi ukali.

Wachipatalayo anali ndi mzere wautali panja ndipo sanadzutse mutu kwenikweni. Anamva zoti munthu akugwa, anawamanga lamba pa mkono ali chikhalire pampando, anapopa, n'kuyang'ana nambala.

"Bipi, bambo. Yakwera. Ndi imene ikukugwetsani."

Chipewa chinali pamutu, ndipo za khutu a Nyansi sanatchule. Mkazi wawo atati atsegule pakamwa, anamuponda phazi. Anatuluka ndi mapiritsi otsitsa kuthamanga kwa magazi, ndipo ankamwa mokhulupirika m'mawa uliwonse, ndi madzi owiritsa, m'kapu yawo.

Zinthu zinaipiraipira. Tsopano mdima uja unkabwera ngakhale akadzuka pampando wa pabalaza. Anagwa kubafa, anagwa pakhonde akuti alonjere mlendo. Foni ya kapitawo sinalire, ndiye m'mawa wina anaganiza zopita okha kukamuona. Anakwera minibasi, n'kukhala kumbuyo atapanikizana ndi anthu ndi akatundu, mawondo ali pachifuwa, ulendo wonse. Atafika pa siteji, kondakitala anawafulumizitsa. Anatsika, anaponda pansi, anaongoka, ndipo dziko linazima.

M'mbali mwa siteji imeneyo munali ngalande yosatseka. Anatsitsimukira m'menemo, chagada, madzi akuda akuwalowa m'kolala. Pafupi ndi nkhope yawo panali masamba a kabichi owola, majumbo, thewera la mwana lotupa ndi madzi, ndi mutu wa nsomba wodzaza mphutsi. Pamwamba ankaona miyendo ya anthu ikudutsa.

"Taonani bambo wamkulu ngati uyu, dzuwa lisanakwere n'komwe."

"Ana ake ali kusukulu akuti bambo apita kuntchito."

"Musiyeni, ukamuthera adzuka yekha."

Anafuna kukuwa kuti iwo sanalawepo mowa chibadwire, koma lilime linali lolemera. Amene anatsikira m'ngalandemo anali bambo wina wa jekete long'ambika, wopanda mano akutsogolo, yemwe kabotolo kanali kakusuzumira m'thumba mwake. Anawagwira m'khwapa n'kuwakokera pamtunda, akupumira pankhope pawo mpweya wa mowa wogona m'mimba.

"Pepani m'bale wanga, pepani. Koma mwalakwitsa malo. Ifeyo timagwera uko, kuseri kwa chikwangwani, ndi kouma."

"Sindinamwe ine," anatero a Nyansi movutikira.

"Inenso sindinamwe," anatero bamboyo mwachifundo. "Musadzuke msanga, khalani kaye. Zimafuna ulemu zimenezi."

Anavula jekete lija n'kuyamba kuwapukuta nalo kumaso. Linkanunkha utsi, thukuta lakale ndi mkodzo. A Nyansi anafuna kulikankha, koma manja awo anali odzaza matope a m'ngalande, ndipo sanadziwe kuti chonyansa kwambiri n'chiti, jeketelo kapena iwo. Anakhala pamenepo atatsamira phewa la chidakwacho, anthu akuwalambalala onse awiri mofanana. Bamboyo ndiye anawapisa m'thumba, n'kutulutsa foni, n'kufunsa kuti aimbire ndani. Anadikira nawo mpaka mkazi wawo atafika. Mawu akuti zikomo anatuluka pakhosi pa a Nyansi ngati fupa la nsomba, koma anatuluka.

Kunyumba anasamba atakhala pa kampando, kusamba kobwerezabwereza mpaka sopo anatha ndipo khungu linayamba kuwawa. Chipewa chija chinatsalira m'ngalande. Mkazi wawo anaima pakhomo la bafa, akuyang'ana mafinya akutsika m'khosi mwa mwamuna wake.

"Mawa tikupita kuchipatala chachikulu, kwa a makutu. Ndipo mukandipondanso phazi, ndikakusiyani pomwepo."

Dokotala wa makutu anali mayi wamagalasi, wolankhula pang'ono. Anayang'ana m'khutumo ndi kagetsi, anapumira m'mwamba, kenako anatenga kachubu kachitsulo kopyapyala kolumikiza ku makina. Makinawo atayamba kukoka, a Nyansi anamva phokoso ngati la munthu womwa phala lotentha, koma likuchokera m'kati mwa mutu wawo. Zotulukazo zinkayenda m'paipi yoonekera mpaka m'botolo lagalasi lomwe linali pambali. Anayang'ana kamodzi n'kudandaula kuti ayang'aniranji. Munali mafinya, magazi, ndi tizidutswa toyera ngati khungu lonyowa.

"Zonsezi zachokera m'mutu mwanga?"

"Ndipo sizinathe," anatero dokotala. "Khutu ili layamba liti?"

Mkazi wawo ndiye anafotokoza zonse, za ubwana, za kabotolo, za denga loyenda, za kugwa, ndi za mapiritsi. Dokotala atamva za kugwa anawauza a Nyansi kuti agone pa bedi loyezerapo. Iwo anayang'ana nsalu ya pabedipo, koma mkazi wawo anawayang'ananso, ndipo anagona. Patapita kanthawi dokotala anawamanga lamba pa mkono n'kuyeza ali chigonere. Kenako anawauza kuti aimirire, namwino atawagwira mbali ina, n'kuyezanso. Mdima uja unabwera, ndipo anawakhazika msanga.

"Mwaona? Mukagona magazi anu ali bwinobwino. Mukaimirira akutsika kwambiri, ubongo ukusowa magazi, n'chifukwa chake mukukomoka. Ndiye pamwamba pake mukumwa mapiritsi owatsitsanso."

"Anandiuza kuti bipi yakwera."

"Mwina pa nthawiyo inakweradi. Anakuyezani mutakhala pansi, ndipo za khutu simunawauze."

"Nanga khutu ndi magazi zikugwirizana pati, adokotala? Khutu ndi lomvera."

Dokotala anavula magalasi n'kuwapukuta.

"Kumva ndi ntchito imodzi chabe. M'kati mwenimweni mwa khutu, kupitirira pomwe ndimayang'ana paja, muli timachubu ndi timatumba todzaza madzi. M'timatumbamo muli timiyala tating'ono kuposa mchenga. Mukapendeketsa mutu kapena mukadzuka, timiyalato timasuntha n'kuuza ubongo kuti munthu uja akuimirira. Ubongo ukamva zimenezo umalamula mitsempha ya m'miyendo ndi ya m'mimba kuti ifinyike nthawi yomweyo, kuti magazi asathawire kumapazi. M'mitsempha ya m'khosi mulinso zina zomwe zimazindikira magazi akachepa, koma zimenezo zimadzidzimuka magazi atatsika kale. Khutu ndi limene limachenjeza msanga. Lanu lakumanzereli laonongeka m'katimo, ndiye uthenga ukufika wosokonekera. Inuyo mukakhala mwaima kale, mitsempha isanadziwe."

A Nyansi ankaganiza za zaka zonse zomwe anagwada ndi kudzuka osadziwa kuti m'khutu lomwe ankalibisa ndi thonje, kuseri kwa mafinya, munali kanthu komwe kankawagwirira magazi.

"Ndi kabotolo kaja kanachita zimenezi?" anafunsa mkazi wawo motsitsa mawu, poti ndiye anadontheza.

"Sindinganame, mayi. Nembanemba ya khutuli inabooka kalekale, ndiye chilichonse chomwe munathiramo chinalowa mpaka m'kati, ndipo mankhwala ena amapha timatumba timeneti. Koma matendawa nawonso akhala akudya fupa kwa zaka zambiri. Mwina ndi kabotolo, mwina ndi mafinya, mwina zonse. Chomwe ndikudziwa n'chakuti tikalisiya, zidzafika ku ubongo."

Anawaletsa mapiritsi aja, n'kuwauza kuti pafunika opaleshoni. A Nyansi anagona m'chipatala momwe ankaopa moyo wawo wonse, pakati pa bambo wotupa khosi ndi mkulu wina yemwe ankakanda mapazi n'kumadya malalanje ndi dzanja lomwelo. Anawameta mbali imodzi ya mutu, anawang'amba kuseri kwa khutu, n'kupala zowola zonse. Masiku oyamba sankaloledwa kudzuka okha, ndipo ankakodzera m'botolo lapulasitiki lomwe sankadziwa kuti dzulo lake linali la yani. Ankatseka maso namwino akamabwera nalo. Mafinya anatha, koma khutulo silinamvenso.

Potuluka anawapatsa malangizo. Asamadzuke ngati wolumidwa ndi nyerere, azikhala kaye m'mphepete mwa bedi, kupondaponda pansi ndi kufinya akatumba mpaka miyendo itenthe. Azimwa madzi ambiri. Tsiku lililonse aziyang'ana chala chawo uku akutembenuza mutu uku ndi uku, ngakhale ziwachititse nseru, kuti ubongo uzolowere kudalira khutu lotsalalo, maso ndi miyendo. Anawauzanso kuti azivala masokosi othina ofika m'mawondo, othandiza kuti magazi asadzadzane kumapazi.

Masokosiwo anali amtundu wa khungu, osalala, ndipo a Nyansi anawagwira ndi zala ziwiri.

"Awa ndi a azimayi."

"Valani," anatero mkazi wawo.

Mlamu wawo anabwera n'kuwapeza atakhala pakhonde, masokosi ali m'miyendo, chala chili kutsogolo, mutu ukupita uku ndi uku ngati akukana chinthu. Anaseka mpaka anakhala pansi.

"Alamu, mwatsala ndi siketi basi."

"Kabotolo kanu kaja kandigonthetsa khutu."

"Aa, musandinamizire. Anthu angati achira nako? Inuyo munachedwa nalo khutulo. Komanso mwina achemwali ankathira wambiri."

Mkazi wa a Nyansi anaimitsa makina osokera, n'kutuluka, n'kumuuza mchimwene wakeyo kuti tiyi watha ndipo msewu akuudziwa. Mlamuyo anachoka akung'ung'udza, ndipo kupepesa sanapepese, tsiku limenelo kapena lina lililonse.

Miyezi itapita, thupi linaphunziradi. Mdima uja unayamba kubwera mwa apo ndi apo, makamaka kukatentha kapena akaiwala n'kudzuka mothamanga. Kuyenda mumsewu kunabwerera, ngakhale pokhota ankakhota ngati galimoto yonyamula katundu. Koma kapitawo uja sanaimbe. Tsiku lina anakumana ndi mmisiri wa mapaipi yemwe ankagwira naye ntchito, mmodzi wa omwe anaima pakhomo la bafa lija. Mmisiriyo anawagwira dzanja mwachikondi, ndi manja onse awiri.

"Madala, mukuoneka bwino. Tinamva kuti mwasiya."

"Ndasiya chiyani?"

"Ayi, musadandaule, tonse timadutsamo. Chofunika n'kusiyako."

A Nyansi anayamba kufotokoza za timiyala ta m'khutu ndi mitsempha ya m'miyendo. Mnzawoyo ankagwedeza mutu mwaulemu, maso ali kwina, kenako anati minibasi yake ikunyamuka. A Nyansi anatsala ataima, akupukuta dzanja pa kansalu, ndipo anazindikira kuti nkhani ya ngalande inafika kutali kuposa momwe nkhani ya khutu idzafikire.

Ntchito za nyumba zikuluzikulu sizinabwerenso. Anayamba kulandira zing'onozing'ono, za anthu omwe sankawadziwa kale, ndipo ankasankha za m'makoma kuti asamagwade nthawi yaitali. Ina mwa ntchito zimenezi inali m'butchala ya pamsika, momwe mwini wake anauzidwa ndi oyendera zaukhondo kuti aike matailosi kukhoma kapena atseke. Butchalayo sinaime kugulitsa. A Nyansi ankagwira ntchito atakhala pa ndowa yovundikira, kumbuyo kwawo nkhwangwa ikuphwanya mafupa, tizidutswa ta mafuta tikuulukira pa matailosi omwe angopukuta kumene. Pansi panali madzi ofiira, pakona panali beseni la matumbo, ndipo ntchentche zinkachoka pamenepo n'kudzatera pa levulo yawo.

Atamaliza mizere ya m'munsi anafunika kuimirira. Anaika chopakira simenti pansi, anagwira khoma, n'kuyamba kupondaponda ali chikhalire, akufinya akatumba. Mwini butchala, bambo wonenepa wa epuloni yothimbirira magazi, anasiya kudula n'kumawayang'ana.

"Amisiri, kuvina kumeneku n'kwa chiyani? Nyimbo sindikuimva."

"Ndi khutu," anatero a Nyansi.

"Khutu? Khutu lili kumapazi?"

Makasitomala awiri omwe anali pa kauntala anaseka. A Nyansi anatembenuzira mwini butchalayo mbali yogontha ija, n'kupitiriza kupondaponda mpaka miyendo inatentha. Kenako anadzuka pang'onopang'ono, anadikira kaye ataima, ndipo kuwala sikunachoke. Anatenga kansanza, n'kuchotsa kachidutswa ka chiwindi komwe kanamatirira pa tailosi ya pakona, n'kuyamba mzere wotsatira.